Msungichuma wa chipani sayenera kusiyidwa yekha ndi mabuku

Mtsikana akalowa m'chipani cha usisitere, Mpingo suchita naye phuma. Malamulo a Mpingo wa Katolika amanena kuti unovisi, nthawi yoyamba yophunzira ndi kuyesedwa pa moyo wa chipani, ukhale wa miyezi yosachepera 12 koma usapitirire zaka ziwiri, ndipo pambuyo pake pamabwera malonjezo a kanthawi, amene amatenga zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi munthu asanaloledwe kuchita malonjezo a moyo wake wonse. Chipani chikaona kuti mwana wakeyo ali ndi mtima wosamala odwala, chimamutumiza ku sukulu ya unamwino, monga ya St Joseph ku Nguludi kapena ya Holy Family ku Phalombe, ndipo palibe amene angamulole kugwira jakisoni asanakhoze mayeso ndi kulembetsedwa ku bungwe loona za anamwino ndi azamba. Wofuna uphunzitsi nayenso amayamba wakhala pansi m'kalasi. Koma pali ntchito imodzi imene kawirikawiri imafika kwa mwini wake ngati kalata chabe yochokera kwa mkulu wa chipani, yonena kuti kuyambira mwezi wamawa inu ndinu msungichuma wa nyumba ino, kapena wa chigawo chino, kapenanso wa chipani chonse. Asisiterewo amavomera chifukwa analonjeza kumvera, amalandira makiyi a kabati, buku la macheke ndi katoni ya malisiti, ndipo kuyambira tsiku lomwelo aliyense amayembekeza kuti adziwe zinthu zimene ena amakhalira zaka zingapo ku koleji kuti aziphunzire.

Ine ndine mkhristu wamba, ndipo ntchito yanga ndi yowerengera ndalama. Gawo lalikulu la moyo wanga wa pantchito ndalithera m'timaofesi ta m'makonventi, m'zipatala ndi m'sukulu za mishoni, kuthandiza kukonza mabuku asanafike amene amadzawafufuza kumapeto kwa chaka. Anthu amene ndakumana nawo kumeneko ndi okhulupirika kwambiri. Ndaona asisitere ndi abulazala owerenga khobidi lililonse kawiri, ogona mochedwa chifukwa buku lawo lakana kugwirizana ndi chikalata chochokera kubanki, ndiponso oopa kufunsa poganiza kuti funso lingaoneke ngati kulephera udindo umene analandira m'dzina la Mulungu. Chimene chimandiwawa n'chakuti tinazolowera kuganiza kuti munthu akakhala wopemphera ndi wosaba ndiye kuti adziwanso kusunga mabuku. Kukhulupirika ndi mphatso yaikulu, ndipo popanda iyo palibe chimene chingayende, koma luso la manambala limachita kuphunziridwa.

Mpingo weniweniwo suiona ntchitoyi mopepuka. M'buku la malamulo ake la 1983, ndime 636 imalamula kuti chipani chilichonse, ndi chigawo chake chilichonse cholamulidwa ndi mkulu wa chigawo, chikhale ndi msungichuma amene si mkuluyo, ndipo msungichumayo azipereka lipoti la kayendetsedwe ka chuma pa nthawi yoikika. Ndime 1284 imafuna kuti wosamala katundu wa Mpingo achite ntchito yake ndi khama la mwini banja wabwino: aziteteza katundu, azisunga bwino mabuku a zolowa ndi zotuluka, azibweza ngongole pa nthawi yake, azisamala zikalata zosonyeza umwini wa malo ndi nyumba, ndipo azitsata malamulo a dziko kuti Mpingo usapwetekeke. Ndime 1267 imati mphatso yoperekedwa pa cholinga china isagwiritsidwe ntchito pa china. Ndime 638 imati kugulitsa katundu wa mtengo woposa mlingo woikidwa kumafuna chilolezo cha ku Roma. Munthu akawerenga zonsezi modekha amaona kuti malamulowa akulankhula za katswiri, ngakhale kuti sanena sukulu imene katswiriyo akaphunzireko.

Kalekale ndithu, m'zaka za m'ma 500, Benedikito Woyera polemba malamulo a amonke ake anapatula mutu wa 31 kuti ukhale wa mbale wosamala nkhokwe ndi katundu wa nyumba. Ananena kuti mbaleyo aziona ziwiya zonse za m'nyumba ngati zotengera zopatulika za paguwa, ndipo akasowa chopatsa munthu wopempha, azimupatsa mawu abwino. Chimene anthu ambiri sachikumbukira n'chakuti m'mutu womwewo Benedikito analamula kuti gulu likakhala lalikulu, mbaleyo apatsidwe omuthandiza, kuti agwire ntchito yake ndi mtima wodekha. Munthu wa nthawi imeneyo, wosadziwa banki kapena msonkho wa pamalipiro, anaona kale kuti wosunga chuma cha gulu akasiyidwa yekha amathodwa.

Tsono tiyeni tione zimene zimadikira pa tebulo la msungichuma wa chipani m'Malawi lero, pakuti apa ndi pamene pali kulemera kwa nkhaniyi. Ngati chipani chili ndi sukulu, chipatala, munda kapena chigayo, chili ndi antchito, ndipo malipiro awo amadulidwa msonkho wa PAYE umene uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Kuchedwa kumabweretsa chilango, ndipo chilangocho sichiona kuti wochedwayo wavala mtanda pachifuwa. Kuchokera pa lamulo la penshoni la 2011, wolemba ntchito amasonkha 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito amasonkha 5 peresenti, ndalama zimene ziyenera kutumizidwa ku kampani yosunga penshoni mwezi ndi mwezi. Palinso msonkho wodulidwa polipira womanga nyumba kapena wina aliyense wogwira ntchito ya kontirakiti, umene ambiri amauiwala mpaka tsiku limene akuluakulu a msonkho afika. Zambiri mwa izi masiku ano zimachitikira pa intaneti kudzera pa Msonkho Online, kotero munthu amene sanazolowere kompyuta amayamba wagwa mphwayi asanalembe n'komwe nambala yoyamba. Chipatala cha mishoni chimene chili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, chili ndi antchito ena olipidwa ndi ndalama za boma, ena olipidwa ndi chipatalacho, komanso mgwirizano ndi ofesi ya zaumoyo ya m'boma woti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa mwaulere boma n'kudzabweza pambuyo pake. Ndalama zobwezazo zikachedwa, mankhwala ayenera kugulidwabe. Makolo ena amalipira fizi kubanki, ena pa Airtel Money kapena Mpamba, ena amabwera ndi ndalama m'manja, ndipo zonsezi ziyenera kukumana m'buku limodzi, dzina la mwana aliyense lili pamalo pake.

Pamwamba pa zimenezi pali abwenzi akunja. Mabungwe monga Misereor, Missio, Aid to the Church in Need ndi Conrad N. Hilton Fund for Sisters athandiza zipani zambiri mu Africa, ndipo lililonse lili ndi kalembedwe kake ka lipoti ndi masiku ake. Limafuna kuona kuti ndalama ya chitsime yakumba chitsime, ngakhale denga la konventi litasasuka ndi mphepo sabata yomweyo. Msungichuma wosaphunzitsidwa, pomvera chisoni abale ake amene akugona m'nyumba yodontha, amabwereka ku ndalama ya chitsime ndi mtima woti adzabweza, ndipo pakutha pa chaka chipani chonse chimataya bwenzi limene linali nacho zaka zambiri. Munthu wotereyu sanabe kanthu. Palibe amene anamuuza kuti njira yoyenera inali kulembera bungwelo kalata n'kupempha chilolezo asanakhudze ndalamayo.

Kugwa kwa kwacha kunaonetsa poyera kusiyana kwa wodziwa ndi wosadziwa. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Chipani chimene chinalandira mayuro omangira kalasi n'kuwasintha onse kukhala makwacha mwezi wa Okutobala chinadzuka chili ndi ndalama yosakwanira simenti ndi malata zimene chinalonjeza. China chimene chinasunga ndalamazo mu akaunti ya ndalama zakunja, n'kumasintha pang'onopang'ono malinga ndi ntchito, chinapulumuka, koma nacho chinayenera kudziwa kufotokozera wopereka ndalama za makwacha oonjezera amene anapezeka. Zinthu zimenezi siziphunzitsidwa ku unovisi, ndipo si bwino kuti munthu aziphunzire tsiku limene chuma cha abale ake chasungunuka.

Kale zinthu sizinali chonchi, ndipo n'chifukwa chake mwambo wophunzitsa asungichuma sunazike mizu msanga pakati pathu. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers atakhazikika ku Mua mu 1902, chuma choyendetsera mishoni chinkachokera kwawo ku Ulaya, kwa achibale, ku maparishi ndi ku mabungwe a Apapa othandiza mishoni. Zipani za masisitere a kuno kwathu, monga Atumiki a Maria Virigo Woyera amene anayambitsidwa ndi Ambuye Louis Auneau, ndi masisitere a Tereza Woyera amene anayambitsidwa ndi Ambuye Mathurin Guillemé, zinabadwa m'zaka za m'ma 1920 pansi pa ulamuliro wa maepiskopi achimishoni, ndipo kwa nthawi yaitali thumba linali m'manja mwa ena. Amishoni aja anakalamba, ambiri anabwerera kwawo kapena anagona m'manda a pamishoni, ndipo zipani zawo ku Ulaya zili ndi okalamba ambiri kuposa achinyamata. Sukulu, zipatala ndi nyumba zinatsala m'manja mwa ana a dziko lino, koma makalata opempha thandizo amene mmishoni ankalembera kwawo m'chinenero chake anapita naye limodzi. Mbadwo wa lero unalandira ntchito zazikulu popanda kasupe amene ankazithirira.

Likulu la Mpingo linaona vutoli, chifukwa si la Malawi yekha. Nthambi ya ku Vatican yoona za zipani inaitanitsa asungichuma ku msonkhano ku Roma mu Marichi 2014, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho inatulutsa kalata ya malangizo a kasamalidwe ka chuma cha zipani. Kalatayo inapempha kuti ntchito iliyonse ya chipani izikhala ndi bajeti ndi lipoti lomveka, kuti zipani zizigwirizana ndi Mpingo wa pamalopo, zipani zinzawo ndi akatswiri, ndipo mbali yake yomaliza inali yokhudza maphunziro. Pambuyo pa msonkhano wachiwiri wa mu 2016, mu 2018 munatuluka chikalata chachitali chonena kuti chuma chiyenera kutumikira mphatso ya chipani ndi utumiki wake. Mwa zina, chikalatachi chimafuna kuti chipani chilichonse chitchule momveka katundu wake wokhazikika, ndiye kuti malo, nyumba ndi ndalama zimene moyo wa chipanicho watsamirapo, zosayenera kugulitsidwa kapena kuikidwa chikole mwachisawawa. Ndimafunsa mumtima kuti ndi makonventi angati kwathu kuno amene anakhala pansi kuwerenga chikalatachi pamodzi, monga amawerengera makalata ena a Apapa pa nthawi ya mbindikiro.

Sindinganene kuti palibe chimene chachitika. Bungwe la African Sisters Education Collaborative, limene linayamba mu 1999 ndipo likulu lake lili pa Marywood University ku Scranton m'dziko la America, linakhazikitsa mu 2007 pulogalamu yophunzitsa masisitere utsogoleri ndi thandizo la Conrad N. Hilton Foundation. Pulogalamuyo ili ndi gawo la kayendetsedwe ka ntchito ndi gawo la zachuma, ndipo inafika m'maiko khumi a mu Africa, Malawi ndi Zambia ali momwemo. Mu 2013 bungwe lomwelo linayambanso kulipirira masisitere maphunziro a ku yunivesite. Kwathu kuno tili ndi Catholic University of Malawi ku Nguludi, imene inatsegula zitseko zake mu 2006, tili ndi Malawi College of Accountancy, ndiponso bungwe la ICAM limene limayesa mayeso a owerengera ndalama. Ndakumana ndi asisitere amene anadutsa m'maphunziro oterewa, ndipo kusintha kwake kumaoneka ukangotsegula faelo yawo: lisiti lililonse lili ndi nambala, pempho la ndalama lili ndi siginecha ya wovomereza, ndipo akamalankhula ndi woyang'anira banki salankhula ngati wopempha chifundo.

Komabe maphunziro a masabata ochepa sangathe kusenza okha katundu yenseyu, ndipo chimene chimawafooketsa kawirikawiri chimakhala mkati mwa chipani momwemo. Asisitere amabwera kuchokera ku maphunziro ali ndi moto, akufuna kuyambitsa bajeti ndi kulekanitsa akaunti ya sukulu ndi ya konventi, koma chisanathe chaka asamutsidwa kukayang'anira anovisi kapena kukatsegula nyumba yatsopano kumudzi. Wolowa m'malo mwawo amayambanso pachiyambi, nthawi zina popanda ngakhale sabata imodzi yokhala pamodzi ndi wotulukayo kuti amuonetse pamene pali zinthu. Kusamutsa anthu ndi mbali ya moyo wa chipani, ndipo sindikutsutsa, koma udindo uwu umafuna kuti wolowa ayambe kuphunzira kudakali chaka kapena kuposerapo, ali pambali pa amene akutuluka. Chipani chimene chili ndi munthu mmodzi yekha wodziwa mawu achinsinsi olowera mu akaunti ya kubanki ndi ya msonkho chili pangozi tsiku limene munthuyo wadwala.

Pali chinanso chovuta kuchinena, koma chiyenera kunenedwa mwaulemu. Msungichuma amagwira ntchito pansi pa mkulu wake, amene analonjeza kumumvera. Amayi wamkulu akanena kuti, "Asisitere, tulutsani ndalama ya galimoto, tikambirana bwino pambuyo pake," n'kovuta kuti wamng'ono ayankhe kuti, "Amayi, ndalama imeneyo ndi ya penshoni ya antchito, sitingaikhudze." Kuti yankho lotere litheke popanda kuoneka ngati mwano, pafunika kuti akuluakulu a chipani ndi aphungu awo nawonso aphunzire kuwerenga lipoti la zachuma, ndiponso kuti pakhale malamulo olembedwa amene onse anagwirizana: ndani amavomereza ndalama zingati, ndi anthu angati amene amasayina cheke, ndi liti pamene bungwe la aphungu liyenera kufunsidwa. Ndime 1280 ya malamulo a Mpingo imafuna kale kuti pakhale komiti ya zachuma, kapena alangizi osachepera awiri. Ena amaona ngati malamulo oterewa ndi chizindikiro cha kusakhulupirirana pakati pa abale. Ine ndaona kuti amateteza msungichuma mwiniwakeyo, chifukwa mphekesera ikabuka yakuti ndalama zasowa, munthu amene ankasayina yekha alibe mboni, ndipo mbiri yake imatha kuipa m'chipani moyo wake wonse pa chinthu chimene sanachite.

Kusungulumwa kwa ntchitoyi ndi chinthu chimene ochepa amachiganizira. Msungichuma ndiye amakana pamene mbale wapempha nsapato zatsopano, ndiye amakumbutsa za lisiti la ulendo, ndiye amadziwa kuti mwezi wamawa malipiro sakwanira pamene ena onse pa tebulo akudya mosadera nkhawa. Sangakambe zimenezi ndi aliyense, popeza zambiri ndi zachinsinsi. Ku Britain asungichuma a zipani ali ndi bungwe lawo lotchedwa Association of Provincial Bursars, ndipo ku America kuli Resource Center for Religious Institutes, kumene zipani zimapeza uphungu wa zachuma ndi zamalamulo. Ife tili kale ndi nyumba zokumaniramo: AWRIM ya zipani za amayi, AMRIM ya zipani za abambo, ndi ACWECA imene imalumikiza masisitere a kum'mawa ndi pakati pa Africa. Ndikanakonda kuona asungichuma a zipani zonse akukumana mokhazikika pansi pa mabungwe amenewa, makamaka nduna ya zachuma ikangopereka bajeti ya dziko ku Nyumba ya Malamulo, kuti katswiri wa msonkho awafotokozere zimene zasintha. Zipani zing'onozing'ono zitatu kapena zinayi zingathe kulemba limodzi akauntanti mmodzi wodziwa bwino, kapena kugwirizana pa kampani imodzi yofufuza mabuku, m'malo moti chilichonse chizilephera pachokha.

Ndiyenera kulankhulanso za anzanga, akhristu wamba amene timalembedwa ntchito m'maofesi amenewa: makalaliki, olandira ndalama pawindo la chipatala, osunga sitolo ya mankhwala, ndi maakauntanti. Maitanidwe a maphunziro akabwera amakhala a masisitere kapena ansembe okha, ndipo kalaliki amene amalemba buku tsiku ndi tsiku amatsala. Ambiri amalipira okha mayeso a ICAM kuchokera pa malipiro ochepa, ndipo akakhoza amapita ku mabungwe olipira bwino, chipani n'kudandaula kuti anthu a masiku ano sakhazikika. Ndime 1286 imalamula osamala chuma cha Mpingo kutsata malamulo a dziko okhudza ntchito ndi kupereka malipiro oyenera, okwanira wantchito ndi a pabanja pake. Lonjezo la umphawi ndi la amene analichita mwaufulu, ndipo mlonda kapena kalaliki wa pamishoni sanalichite. Mbali inayi, ife anthu wamba timafunika kuphunzitsidwa za mtima wa chipani chimene tikuchitumikira. Akauntanti wochokera ku kampani akaona sukulu ya ana osaona imene chaka chilichonse imadya ndalama zambiri kuposa zimene imalowetsa, nzeru yake yoyamba imakhala yoti itsekedwe, osadziwa kuti chipanicho chinabadwira ana amenewo. Ntchito yake yeniyeni ndi kuonetsa akuluakulu mtengo woona wa sukuluyo ndi kumene ndalama yoithandizira ingachokere, kuti asankhe akudziwa.

Nkhani imene imandidetsa nkhawa kuposa zonse ndi ya ukalamba. Zipani zambiri za kuno zili ndi achinyamata ochuluka, ndipo zimenezi zimabisa vuto limene likubwera. Ku America masisitere anaphunzitsa m'sukulu za maparishi zaka zambirimbiri akulandira kangachepe, popanda penshoni, ndipo atakalamba zipani zinapezeka zilibe chowasamalira, mpaka maepiskopi a dzikolo anayambitsa chopereka chapadera cha chaka ndi chaka mu 1988 chothandiza okalamba a m'zipani. Kwathu kuno asisitere ambiri amagwira ntchito za dayosizi ndi za parishi polandira kandalama kongogulira sopo, ndipo nthawi zina popanda pangano lolembedwa, ngakhale kuti ndime 681 imafuna kuti episkopi akapereka ntchito kwa chipani pakhale mgwirizano wolembedwa wotchula ntchitoyo, anthu ake ndi za ndalama. Malo ena amene konventi inamangidwapo sadziwika bwino ngati ndi a dayosizi kapena a chipani, chifukwa m'masiku a amishoni zinkatheka ndi mawu apakamwa. Kuti amayi wamkulu akakhale pamaso pa Ambuye Episkopi n'kukambirana zimenezi mwamtendere, ayenera kunyamula pepala losonyeza kuti kusamala msisitere mmodzi kumadya ndalama zingati pa chaka, kuphatikiza chakudya, mankhwala, maphunziro ndi gawo loika padera la ukalamba wake. Ayeneranso kudziwa kuti m'chipani chake muli angati amene adzapitirire zaka 70 m'zaka makumi awiri zikubwerazi, ndi kuti matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi adzafuna ndalama zotani mwezi uliwonse. Pepala lotere sililembedwa usiku umodzi msonkhano waukulu wa chipani utayandikira. Limafuna mabuku a zaka zingapo osungidwa mofanana m'nyumba zonse za chipani, ndi munthu amene anaphunzira kutenga manambala a chaka chino n'kuwerengera za zaka zimene iye mwini adzakhale atatula kale udindo.